Mzinda Wonse M'mutu mwa Munthu Mmodzi

Pali chinthu china chimene anthu a m'mizinda ikuluikulu amachita tsiku ndi tsiku osachiganizirapo, chikhalirecho nchodabwitsa kwambiri. Munthu amaima m'mbali mwa mseu usiku, nkukweza dzanja, galimoto nkuima. Amaloŵa natseka chitseko, nkudzipereka m'manja mwa munthu amene sadamuwonepo chibadwire. Sadziŵa dzina lake, kwao, ngakhale mtima wake. Komabe amakhulupirira zinthu zitatu: kuti munthuyo akuidziŵa njira, kuti sambera pa mtengo, ndiponso kuti akamfikitsa ali wamoyo pamodzi ndi katundu wake. Kumudzi kukhulupirirana kotere nkosavuta, pakuti aliyense amadziŵika ndi mbumba yake, ndipo akalakwa mlandu umakafika kwa amfumu. Nanga mu mzinda wa anthu mamiliyoni, m'mene aliyense ali mlendo kwa mnzake, kukhulupiriranako kumachokera kuti?

Mbiri ya oyendetsa takisi a mu mzinda wa London, likulu la dziko la Britain, ingatithandize kuyankha funso limeneli, chifukwa kumeneko ntchitoyi yakhala pansi pa malamulo kwa zaka zoposa 350. Tikailondola mbiriyo tiwona kuti kukhulupirirana kwa wokwera ndi woyendetsa kudamangidwa pang'onopang'ono, ndi mikangano, ndi malamulo, ndiponso ndi thukuta la anthu amene adalola kusenza mzinda wathunthu m'mutu mwao.

Mabwato ayamba kusoŵa okwera

Zaka 400 zapitazo mseu waukulu wa London udali mtsinje wa Thames. Miseu ya kumtunda idali yopapatiza ndi yamatope, ndipo mlatho woolokera mtsinjewo pakati pa mzinda udali umodzi wokha, London Bridge, mpaka mu 1750 pamene adatsegula wina ku Westminster. Choncho munthu wofuna kupita kutsidya kapena kumunsi kwa mzinda ankatsikira kudooko nkulipira wopalasa bwato. Opalasawo adalipo zikwi zingapo, ndipo ndiwo ankagwira ntchito imene lero ili m'manja mwa oyendetsa takisi.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1600 kudayamba kuwoneka ngolo zokokedwa ndi akavalo, zimene munthu ankatha kuchita hayala pamodzi ndi woyendetsa wake. Poyamba ngolozi zinkadikira okwera m'mabwalo a nyumba za alendo. Koma mu 1634 munthu wina wotchedwa Captain Baily adaimika ngolo zinai pa mseu wa Strand, adaveka oyendetsa ake yunifomu, naŵauza mtengo woti azilipiritsa pa ulendo uliwonse. Imeneyo ndiyo idali siteji yoyamba mu London. Opalasa mabwato adaŵaŵidwa mtima poona ngolo zikuŵalanda nsima pakamwa. Mmodzi mwa iwo, John Taylor, amene adalinso mlakatuli, adalemba timabuku tonyoza ngolozo, podandaula kuti zikupha ntchito ya anthu a pamtsinje. Madandaulo ameneŵa tiŵasunge, pakuti tidzaŵamvanso kutsogoloku ali m'kamwa mwa oloŵa m'malo mwa anthu amene ankadandaulidwawo.

Ngolo zidachuluka mwakuti miseu inkatsekeka, ndipo oyendetsa ena adatchuka ndi mwano ndi kubera anthu. Tsono mu 1654, nthaŵi ya ulamuliro wa Oliver Cromwell, boma lidalamula kuti eni ngolo zahayala mu London asapitirire 200. Mu 1662 Nyumba ya Malamulo idaloleza ziphaso 400, ndipo mu 1694 chiŵerengerocho chidakwera kufika pa 700. Ngolo iliyonse idayenera kukhala ndi nambala yooneka, kuti wolakwiridwa adziŵe woti akamneneze. Pamenepa ndi pamene padagona mwala woyamba wa maziko. Mu mzinda m'mene munthu sadziŵika ndi mfunda kapena mudzi, nambala idaloŵa m'malo mwa zonse ziŵirizo.

Ngolo ya Hansom

Mu 1823 kudafika tingolo topepuka ta mikombero iŵiri, totengera ta ku France, totchedwa cabriolet. Angelezi adalidula dzinalo nkukhala cab, ndipo ndilo dzina limene amatchulabe takisi mpaka lero. Tingoloti tinkathamanga ndithu, koma tinkagubuduzika msanga. Mu 1834 Joseph Hansom adalembetsa ku boma pulani ya ngolo yotsika thupi, ya mikombero ikuluikulu, yovuta kugubuduzika. Amisiri ena, makamaka John Chapman, adaikonzanso naika mpando wa woyendetsa kumbuyo, pamwamba penipeni, koma dzina lidakhalabe la Hansom.

Mwini lusoyo sadapindule nalo. Adagulitsa pulani yake pa mtengo wa mapaundi 10,000, koma kampani imene idagula idalephera kumlipira. Hansom, amene adali Mkatolika wobadwira ku York mu 1803, adapitiriza ntchito yake yeniyeni yolemba mapulani a nyumba, ndipo dzanja lake likuwonekabe pa matchalitchi ambiri a ku England, kuphatikizapo matchalitchi aakulu a ku Plymouth ndi ku Arundel. Pomwalira iye mu 1882, ngolo zotchedwa dzina lake zidali zikwizikwi m'miseu ya London.

Moyo wa pa siteji

Wokwera ngolo ya Hansom ankakhala m'kati, pouma. Woyendetsa ankakhala kunja, pamwamba, mvula ndi mphepo zikumuwomba, kuyambira m'mamaŵa mpaka pakati pa usiku. Ambiri mwa oyendetsawo ngolo sinali yao. Ankabwereka ngolo ndi akavalo kwa mwini wake pa mtengo wa tsiku ndi tsiku, kotero kuti ndalama zoyamba kupeza zidali za bwana, ndipo banja linkadya zotsala ngati zatsalako. Mtengo wa ulendo sankaika okha, unkaikidwa ndi boma. Mu 1853, pamene Nyumba ya Malamulo idatsitsa mtengowo kuchoka pa mapeni 8 kufika pa mapeni 6 pa mtunda wa mailosi imodzi, ngolo zidanyanyala ntchito, mzinda nkukhala masiku angapo wopanda chokwera. Padalinso ziphaso za mitundu iŵiri, china cha masiku asanu ndi limodzi, china cha masiku asanu ndi aŵiri. Wofuna kupumula pa Lamulungu ndi kukhala ndi ana ake ankadziŵa kuti akutaya ndalama za tsiku lathunthu.

Chovuta china chidali chakudya. Lamulo linkaletsa woyendetsa kusiya ngolo yokha pa siteji. Kuti apeze chakudya chotentha ndi pothaŵira chisanu, ankalipira mnyamata woti amgwirire kavalo, iye nkuloŵa m'nyumba yomweramo moŵa, popeza malo ena otseguka nthaŵi zotere adali osoŵa. Zotsatira zake nzodziŵikiratu. Uchidakwa udaipitsa mbiri ya ntchito yonse, ndipo anthu ambiri ankamuwona woyendetsa ngolo ngati munthu woti uzichenjera naye.

Zimanenedwa kuti tsiku lina la chisanu choopsa George Armstrong, mkulu wa nyuzipepala ya The Globe, adatuma wantchito wake kukaitana ngolo. Wantchitoyo adapeza ngolo zili pa siteji, koma oyendetsa onse ali kumoŵa, osathanso kugwira zingwe za kavalo. Armstrong sadathere pa kudzudzula. Adafunsa chimene chidaŵapititsa kumeneko. Mu 1875 iye pamodzi ndi Lord Shaftesbury ndi ena adayambitsa thumba la ndalama lotchedwa Cabmen's Shelter Fund, lomangira timanyumba tamatabwa pafupi ndi masiteji. Popeza tinkamangidwa pa mseu, apolisi adalamula kuti kanyumba kalikonse kasakule kuposa malo amene ngolo ndi kavalo wake zimatenga. M'katimo munkapezeka moto, tiyi, chakudya chotsika mtengo ndi nyuzipepala, koma moŵa, njuga ndi kutukwana zidali zoletsedwa. Kanyumba koyamba kadamangidwa ku St John's Wood. Pofika 1914 tidalipo 61, ndipo 13 tikadalipo, topakidwa utoto wobiriŵira, totetezedwa ndi boma ngati chuma cha mbiri ya mzindawo. Anthu aja adazindikira kuti ukafuna kuti munthu akhale wodalirika, uyambe wampatsa pokhala ndi podyera monga munthu.

Injini ndi mita

Matakisi oyamba oyenda opanda kavalo mu London adali amagetsi. Adatuluka mu 1897, opangidwa ndi Walter Bersey, koma mabatire ake adali olemera kwambiri ndipo ankawonongeka kaŵirikaŵiri, kotero kuti pofika 1899 adachotsedwa pa mseu. Takisi yoyamba ya petulo idapatsidwa chiphaso mu 1903, ndipo nkhondo ya 1914 isanayambe magalimoto adali atapambana kale ngolo pa chiŵerengero. Komabe kavalo sadachoke msanga: chiphaso chotsiriza cha ngolo ya kavalo chidabwezedwa mu 1947.

Mu 1906 apolisi adalemba malamulo onena za mpangidwe wa takisi. Limodzi mwa iwo lidati galimotoyo izitha kutembenuka pa malo osapitirira mafiti 25, kuti izikhota bwino m'miseu yopapatiza. Lamulo limeneli lidachititsa kuti takisi ya ku London ikhale ndi maonekedwe akeake. Mtundu wotchedwa Austin FX3, umene udatuluka mu 1948, unkagulitsidwa wakuda pokhapokha wogula atalipirira utoto wina, ndipo nchifukwa chake matakisi akuda adasanduka chizindikiro cha mzindawo. Wotsatira wake, FX4, adapangidwa kuyambira 1958 mpaka 1997.

Chinthu chimene chidasintha kwambiri ntchitoyi chidali kachipangizo kakang'ono. Kale mkangano waukulu pakati pa wokwera ndi woyendetsa udali wa mtunda. Wina ankati tayenda mailosi ziŵiri, mnzake nkumati zitatu, ndipo milandu yotere inkafika mpaka kubwalo. Mu 1891 munthu wa ku Germany, Wilhelm Bruhn, adapanga makina oŵerenga mtunda ndi nthaŵi nkuwonetsa mtengo, otchedwa taximeter. Mu 1907 boma lidalamula kuti galimoto iliyonse yahayala mu London ikhale ndi mita yotere. Oyendetsa ambiri adaida poyamba, chifukwa inkaulula kwa bwana ndalama zonse za tsikulo. Koma mita idathetsa kukayikirana pa mtengo, popeza wolemera ndi wosauka, mbadwa ndi mlendo, onse ankaona nambala imodzimodzi. Mau athu akuti takisi adachokera ku dzina la makina ameneŵa. Uwu ndiwo udali mwala wachiŵiri.

Sukulu yopanda makalasi

Mwala wachitatu ndiwo waukulu koposa. Nambala ingathe kugwiritsa wakuba, mita ingathe kuŵerenga mtunda, koma zonsezi nzachabe ngati woyendetsa sakudziŵa kumene akupita. Mu 1851 ku Hyde Park kudachitika chiwonetsero chachikulu cha zaluso za maiko onse, ndipo anthu oloŵa kukaona adakwana pafupifupi 6 miliyoni. Zimanenedwa kuti alendo ambiri adadandaula kuti oyendetsa ngolo sankadziŵa njira. Apolisi a mu London, amene adapatsidwa udindo wopereka ziphaso mu 1850, adakhazikitsa mu 1865 mayeso otchedwa The Knowledge, ndiye kuti kuudziŵa mzinda. Udindowo udachoka m'manja mwa apolisi mu 2000 nkupita ku bungwe la Transport for London, koma mayesowo alipobe.

Kuti timvetse kulemera kwake, tiyambe tadziŵa kuti London sadamangidwe ndi pulani imodzi. Ndi midzi yambirimbiri imene idakula mpaka kulumikizana. Moto waukulu wa mu 1666 utapsereza pakati pa mzinda, Christopher Wren adalemba pulani ya miseu yoongoka ndi yotambalala, koma eni malo adafulumira kumanganso pamene padali nyumba zao zakale. Choncho miseu idatsala yokhotakhota monga kale. Ina imasintha dzina pakatikati, ina ili ndi maina ofanana, ina imaloleza magalimoto kuloŵera mbali imodzi yokha.

Wofuna baji yobiriŵira, imene imamlola kunyamula anthu paliponse mu London, ayenera kudziŵa dera lonse la mailosi 6 kuzungulira malo otchedwa Charing Cross, ndiye kuti pafupifupi makilomita 10 mbali iliyonse. M'dera limeneli muli miseu pafupifupi 25,000, ndiponso zikwi za malo amene wokwera angatchule: zipatala, mahotela, makhoti, masukulu, matchalitchi, manda, masiteshoni ndi nyumba za akazembe. Wophunzira amapatsidwa kabuku kotchedwa Blue Book, m'mene muli maulendo 320. Ulendo woyamba ndi wochokera ku siteshoni ya Manor House kukafika ku Gibson Square. Ulendo uliwonse amayenera kuuyenda yekha, ndipo ambiri amayenda pa kanjinga kamoto, mapu atamangirira kutsogolo, dzuŵa kaya mvula. Pa malo oyambira ndi othera amazungulirazungulira kuti aloŵeze zonse zopezeka pafupi. Madzulo amakhala ndi mnzake nkumafunsana, wina kulakatula miseu pamtima, wina kutsatira pa mapu. Amatambalitsa ulusi pakati pa malo aŵiri kuti aone ngati njira imene yatchulidwa yatsata ulusiwo, popeza njira yoyenera ndiyo yachidule koposa.

Pambuyo pa mayeso olemba pamabwera mayeso apakamwa. Wophunzira amafika atavala mwaulemu, nkukhala pamaso pa woyesa. Woyesayo amatchula malo aŵiri, ngakhale osapezeka m'kabuku kaja. Wophunzira ayenera kunena kumene malowo ali, kenaka kulakatula njira yonse, mseu ndi mseu, pokhotera kumanja ndi pokhotera kumanzere, wopanda mapu. Poyamba amaonekera pamaso pa woyesa pakapita masiku 56. Akamakhoza masikuwo amatsika kufika pa 28, kenaka pa 21. Akamalephera amabwezedwa m'mbuyo. Kale oyesa ambiri adali apolisi opuma pa ntchito, ndipo madalaivala akale amasimba kuti ena mwa iwo ankamputa dala wophunzira, kumdula mau kapena kumnyoza, kuti aone ngati angaugwire mtima. Ankadziŵa kuti maŵa munthuyo adzanyamula woledzera, wamwano ndi wofulumira, ali yekha.

Zonsezi zimatenga zaka zitatu kapena zinai, ndipo ambiri amalekera panjira. Pa zaka zimenezi palibe malipiro. Mafuta a njinga ndi ndalama za mayeso zimachokera m'thumba mwa wophunzira, amene kaŵirikaŵiri amagwiranso ntchito ina kuti ana adye. Baji ikatuluka imalembedwa dzina la munthu mmodzi, koma amene adaivutikira ndi banja lonse. Paja akulu adati kuwona maso a nkhono nkudekha.

Mayesoŵa ali ndi ubwino wina umene suyenera kuiŵalika. Safunsa kuti munthu adalekezera kalasi yanji, kapena kuti atate ake adali yani. Nchifukwa chake ntchitoyi idakhala makwerero a anthu osauka. M'zaka za m'ma 1900 ana ambiri a Ayuda amene adathaŵira ku dera la East End kuchokera kum'maŵa kwa Ulaya adalera mabanja ao ndi takisi, ndipo pambuyo pao padabwera a mitundu ina. Mu 1977 Marie White adakhala mai woyamba kulandira baji yobiriŵira. Mu 1980 dalaivala wina, Fred Housego, adapambana mpikisano wa mafunso wa pa wailesi ya kanema ya BBC wotchedwa Mastermind, kuposa anthu ophunzira kwambiri, ndipo dziko lonse lidaona kuti kutsogolo kwa takisi kungakhale munthu wanzeru zakuya.

Umboni wa m'ubongo

Mu 2000 Eleanor Maguire ndi anzake a ku University College London adajambula ubongo wa madalaivala a takisi 16 ndi makina ounikira m'thupi. Adapeza kuti mbali yakumbuyo ya kachigawo kotchedwa hippocampus, kamene kamasunga chikumbukiro cha malo ndi njira, idali yokulirapo kuposa ya anthu ena, ndipo idali yaikulu koposa mwa amene adagwira ntchitoyo zaka zambiri. Ena adafunsa kuti kapena anthuwo adabadwa choncho. Tsono akatswiriwo adatsatira ophunzira 79 kuyambira poyamba maphunziro ao. Mu 2011 adalengeza kuti ophunzira 39 amene adakhoza ubongo wao udasintha ndithu, pamene amene adalephera kapena kulekera panjira sudasinthe. Adaonanso kuti phindulo lili ndi mtengo wake, pakuti madalaivalawo ankavutikirapo pa mayeso ena okumbukira zithunzi zatsopano. Motero mau akuti munthu wasenza mzinda m'mutu adapezeka kuti ngoona ndithu. Ntchito imene munthu amaigwira ndi mtima wonse imamuumba mpaka m'thupi momwe.

Pa nkhondo ndi pa mtendere

Nzeru zimenezi zidapulumutsapo mzinda. Pa Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse boma lidatenga matakisi ambirimbiri kuti azikoka mapampu ozimira moto, ndipo madalaivala ambiri adaloŵa nao m'gulu la ozimitsa moto. Ndege za Germany zikaponya mabomba mu 1940 ndi 1941, miseu ikuluikulu inkatsekeka ndi zigumukire, nyale zonse zili zozima. Munthu wodziŵa tinjira tam'mbali pamtima ndiye ankafika msanga pamene pakuyaka.

Pa nthaŵi ya mtendere madalaivalaŵa adadziŵikanso ndi ntchito zachifundo. Kuyambira 1928 akhala akutenga ana amasiye ndi ovutika kupita nao kokasangalala kwaulere. Mu 1948 adayambitsa bungwe lothandiza asilikali akale, ndipo mu 1994 adayamba ulendo wa mdipiti wa matakisi wopita ndi ana odwala matenda aakulu ku Disneyland, pafupi ndi Paris. Pa masiku ameneŵa mita imakhala yozima.

Tisaganize kuti baji imasandutsa munthu kukhala mngelo. Mu 2009 dalaivala wina wa baji adapezeka wolakwa pa milandu yogwirira akazi amene ankaŵanyamula usiku, ndipo pambuyo pake makhoti adagamula kuti apolisi adalephera kufufuza moyenera madandaulo a akazi amene adayamba kumneneza. Akaziwo adakwera mosaopa chifukwa cha mbiri yabwino imene ena adaimanga kwa zaka mazana. Mlandu umenewu udaonetsa kuti kukhulupirirana kukakula, woipa amatha kubisalamo, ndipo kuti malamulo amagwira ntchito pokhapokha oŵasunga ali maso.

Mapu aloŵa m'thumba

Monga ngolo zidalanda okwera kwa opalasa mabwato, nawonso matakisi akuda adapeza oŵalanda. Mu 1961 kudabwera timagalimoto totsika mtengo totchedwa minicab, toitanidwa pa lamya. Sitinkaloledwa kutola munthu woimika pa mseu, ndipo oyendetsa ake sankalemba mayeso a Knowledge. Koma mpikisano weniweni udafika mu 2012, pamene kampani ya Uber idayamba ntchito mu London. Tsopano foni ya m'manja inkaitana galimoto, kuuza woyendetsa pokhota, ndi kulandira ndalama. Zimene munthu ankaziphunzira zaka zinai zidaoneka ngati zaloŵa m'kachipangizo kokwana m'thumba. Mu June 2014 madalaivala zikwi zingapo adatseka miseu yozungulira Trafalgar Square ndi matakisi ao podandaula, ndipo mau ao sadasiyane kwenikweni ndi a John Taylor uja.

Mliri wa Covid-19 udaonjeza chilonda. Mu 2020 miseu idali pululu, ndipo matakisi mazanamazana adaimikidwa m'minda kunja kwa mzinda, atabwezedwa ndi madalaivala olephera kulipira hayala. Galimoto nayo idakwera mtengo, popeza kuyambira 2018 takisi yatsopano iliyonse iyenera kutha kuyenda ndi magetsi. Mu 2014 madalaivala a baji adalipo pafupifupi 25,000. Pofika 2024 adatsika kufika pafupifupi 17,000, pamene oyendetsa magalimoto oitanidwa pa foni adapitirira 100,000.

Tiyenera kuŵeruza mwachilungamo. Njira yatsopanoyi idatsitsa mtengo, idafika m'madera amene matakisi akuda sankapezeka kaŵirikaŵiri, ndipo idapatsa ntchito anthu ambiri obwera kuchokera ku Africa ndi ku Asia, amene sakadatha kukhala zaka zinai osalandira kanthu. Foni nayonso imasunga dzina la woyendetsa ndi njira imene wayenda, ndiye kuti ikugwira ntchito imene nambala ndi mita zinkagwira. Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Dalaivala wa baji chuma chake chili m'mutu mwake, ndipo palibe bwana amene angamlande. Woyendetsa wotsogozedwa ndi foni amadalira nzeru za kampani, imene imaika mtengo ndiponso ingathe kumtsekera ntchito. Nkhani imeneyi idafika mpaka ku khoti lalikulu la Britain, limene mu February 2021 lidagamula kuti madalaivala amene adasumira Uber adali antchito oyenera kulandira malipiro osachepera amene boma lidaika ndiponso tchuthi cholipidwa. Dandaulo lao lidali lomwe lija la woyendetsa ngolo yobwereka: ndani adye poyamba, bwana kapena banja?

Chimene makina sapereka

Funso limene anthu a ku London akulimbana nalo nlakuti: ngati foni ikudziŵa njira, mayeso a Knowledge ngachiyaninso? Funsoli likukulirakulira, popeza m'mizinda ina ya ku America, monga Phoenix ndi San Francisco, magalimoto oyenda okha opanda dalaivala adayamba kale kunyamula anthu.

Mbiri imene taiwonayi ikusonyeza kuti mayesowo sankayesa chikumbukiro chokha. Munthu amene wapirira zaka zinai pa mvula, wabwezedwa m'mbuyo kangapo osataya mtima, wanyozedwa osabwezera, waonetsa kale khalidwe lake asananyamule wokwera ndi mmodzi yemwe. Ndiponso munthu amene baji yake adaigula ndi zaka zinai za moyo wake sangafulumire kuitaya chifukwa cha mapaundi oŵerengeka. Lamulo limamkakamiza kunyamula aliyense womuimika, malinga ulendowo usapitirire mailosi 12 kapena ora limodzi m'kati mwa London, ndipo takisi yake idapangidwa kuti wa pa njinga ya olumala athe kuloŵamo. Pa zonsezi mzinda udapangana ndi dalaivala pangano: iwe vutika kuphunzira ndipo unyamule aliyense mosasankha, ife tidzakupatsa ulemu ndi ntchito yoti ulelere ana ako.

Mwina pangano limeneli lidzasintha maonekedwe, monga lidasinthira pamene kavalo adachoka. Palibe ntchito imene idalonjezedwa kukhala mpaka muyaya, ndipo opalasa mabwato a pa Thames ndiwo mboni. Koma mzinda uliwonse, ngakhale makina achuluke chotani, udzafunabe anthu amene mlendo, nkhalamba kapena mwana wamkazi angaŵadalire pakati pa usiku. Anthu otere amachita kuumbidwa, ndipo kuŵaumba kumalira nthaŵi, malamulo achilungamo, ndi malipiro okwanira kuti munthu asachite manyazi ndi ntchito yake. Ku London zidatenga zaka zoposa 200 kuchokera pa nambala yoyamba kufika pa mayeso a Knowledge. Amene akufuna kugwetsa zimene zidamangidwazo ayambe aŵerenga zaka zimenezi, ndipo atiwonetse chimene adzamange m'malo mwake.